ORA LIMODZI KU GARAJA

Sabata lino sindilemba za malipiro athu monga ndicita nthawi zambiri. Ndilemba za mtengo wa nchito ya munthu wina amene ambiri a inu mwayamba kumsiyira ndarama zanu, ndiye makaniko wa ku garaja ya ogulitsa magalimoto. Ndiyamba ndi cimene cinacitika pa tebulo langa.

Masabata atatu apitao kunabwera ku ofesi mkuru wina wa kwathu, woboola mwala, amene wagwira nchito pansi zaka 22. Anabvula cipewa naturutsa pepala lopinda kanai m'thumba la jekete.

“Mwana wanga, tandiwerengera ici,” anatero. “Maso anga aona manambala, koma mutu ukana.”

“Khalani pansi, bambo, tione pamodzi,” ndinatero ine.

Caka catha mkuruyu anagula galimoto yogwirapo kale nchito, ya dzina lomveka, ya mipando ya cikopa, yonga imene ayendera mabwana. Anafuna kuti tsiku lobwerera kumudzi akatsike m'menemo anthu onse akuona. Inayenda bwino miyezi khumi, kenaka inayamba kusiya madontho a oilo pali ponse pamene yagona. Anapita nayo m'tauni kwa ogulitsa magalimoto a mtundu womwewo, kumene kuli magalasi akuru-akuru ndi pansi pong'anima, ndipo iwo anampatsa pepala lonena mtengo wa kukonza. Panalembedwa motere: kamphira kotseka oilo, R600, nchito, maora 6 pa mtengo wa R1,200 ora limodzi, ndiyo R7,200, msonkho wa VAT, R1,170, zonse pamodzi R8,970.

“Kamphirako ndakaona,” anatero mkuruyo, “nkofanana ndi cibangiri ca mwana. R600, cabwino. Koma manja a munthu R7,200? Kodi manja amenewo ngagolidi? Ndikadadziwa ndikadaphunzira umakaniko.”

Ndarama zimene anali nazo zinali za malata a nyumba yace ndi za sukulu ya mwana wace wamkazi. Cifukwa cace sindinafune kumyankha mothamanga. Ine sukulu yanga inathera ku pulaimale ya mishoni, koma kuwerengera ndiko nchito yanga, cotero ndinafunsa-funsa ndi kuwerenga, ndipo zimene ndapeza ndi izi.

MAORA A M'BUKU

Coyamba, maora 6 aja si maora a pa koloko. Ndi maora a m'buku. Kampani yopanga galimoto imayesa nchito iri yonse pa galimoto yace, nilemba kuti kusintha cakuti kutenga nthawi yakuti. Garaja iwerengera nthawi yolembedwayo. Makaniko wozolowera akatsiriza pa maora anai, inu mulipirabe 6. Akacedwa kufikira maora asanu ndi atatu, mulipiranso 6 yomweyo.

Macitidwe amenewa anafala ku America m'zaka za m'ma 1920. Asanabwere, garaja inali kuwerengera pa koloko, ndipo eni magalimoto anali kudandaula kuti makaniko waulesi kapena wosadziwa ndiye wodula koposa, popeza acedwa pa nchito. Buku linathetsa mkangano umenewo. Kufikira lero amakaniko ambiri ku America alipidwa monga mwa maora a m'buku amene atsiriza, osati monga mwa nthawi imene akhala pa nchito. Inu amene mudziwa bonasi ya mamita mumvetsa msanga ubwino wace ndi kuopsa kwace: munthu alimbika, koma nthawi zina athamanga koposa muyeso.

Nanga kamphira kakang'ono kangadye bwanji maora 6? Cifukwa kakhala kumbuyo kwa injini, pamene injini ikumana ndi giyabokosi. Kuti munthu akafike pamenepo ayenera kukweza galimoto, kumasula zonse ziri m'njira, kutsitsa giyabokosi, kuika kamphira katsopano, ndi kubwezera zonse m'malo mwace. Nkofanana ndi kukumba shafti kuti mutenge mwala umodzi. Mtengo suli pa mwalawo, uli pa kukumba.

ORA LIMENELO SI LA MAKANIKO

Caciwiri, R1,200 ija sipita m'thumba la makaniko. Pali mnyamata wina amene timenya naye mpira Loweruka, ndipo agwira nchito m'garaja yotere. Nditamfunsa anaseka kwambiri nati, “Acimwene, ndikadalandira zimenezo bwenzi mukundiona ndikwera takisi?”

Anandiwerengera amene adya nawo ora limenelo. Pali mwini nyumba amene alandira lendi. Pali magetsi, madzi ndi inshuwalansi. Pali munthu wa pa kauntala amene alandira makiyi anu, kapitao woyang'anira nchito, wosunga masipeya, wotsuka magalimoto, mlonda wa usiku, ndi kalaliki wonga ine. Pali makina okwezera galimoto, masipanala apadera amene alowa pa mtundu umodzi wokha, ndi kompyuta yoyezera imene ailipirira caka ndi caka. Pali maphunziro amene fakitale ilamula kuti makaniko apiteko pakaturuka galimoto yatsopano, ndipo masiku amene ali ku maphunziroko alandira malipiro osagwira galimoto ya munthu. Pali maora amene garaja iri cete yopanda kasitomala. Potsiriza pali phindu la mwini kampani. Onsewa alibe mzera wao pa pepala lija. Abisala m'mau amodzi akuti “nchito”.

Ndiponso dziwani kuti ogulitsa magalimoto sapindula kwambiri pa galimoto yatsopano monga tiganiza ife. Phindu lace pa galimoto imodzi licepa poyerekeza ndi mtengo wace, popeza ogula apikisanitsa masitoro. Mbali yaikuru ya ndarama zoyendetsera nyumba yonse ija icokera kumbuyo, ku garaja ndi ku masipeya. Khofi amene akupatsani podikira ndi magalasi aja mulipira ndinu, pa ora.

Ici siciri cacilendo kwa ife. Mtengo wa golidi kapena platinamu umene ulengezedwa pa wailesi si malipiro a woboola mwala. Pakati pa mwala ndi thumba lace pali anthu ambiri ndi makina ambiri.

KALE KUNALI KUCHIPA, KOMA ANALIPIRA NDANI?

Akuru-akuru akonda kunena kuti kale kukonzetsa galimoto kunali kuchipa. Nzoona, ndipo zifukwa zace nziwiri.

Cifukwa coyamba ncakuti galimoto inali yosabvuta. Ford Model T, imene inapangidwa kuyambira 1908 kufikira 1927, inali kukonzedwa ndi osula zitsulo ndi alimi pa mafamu ao. Kampani ya Ford inayamba kulumikiza magalimoto ku Port Elizabeth m'caka ca 1924, General Motors inatsatira mu 1926, ndipo Volkswagen Beetle yoyamba ya ku Uitenhage inaturuka mu 1951. Beetle inalibe ngakhale radiyeta, injini yace inali kuziziritsidwa ndi mphepo. Munthu wokhala ndi masipanala ocepa, khutu labwino ndi kudekha anali kukhoza kuikonza pansi pa mtengo.

Cifukwa caciwiri ncowawa. Kuno ku South Africa nchito ya garaja inali yogawidwa monga mwa khungu. Lamulo la ophunzira nchito za manja la 1922 linafuna kuti wophunzira akhale wotsiriza Standard 6, pa nthawi imene ana acikuda ocepa okha anali kufika pamenepo, ndipo khomo linatsekeka. Lamulo la 1956 linapatsa boma mphamvu yosungira nchito zina anthu a mtundu umodzi. Cotero m'garaja munali makaniko wacizungu wokhala ndi satifiketi, ndi anthu acikuda omthandiza, amene anali kuchedwa anyamata a sipanala ngakhale ali ndi imvi. Ambiri a iwo anali kudziwa injini bwino lomwe, koma analibe pepala, ndipo malipiro ao anali ocepa ndithu. Kuchipa kwa masiku amenewo kunali ndi wolipira wace, ndiye munthu wogona pansi pa galimoto uja.

Inu a m'migodi mudziwa nkhani yofanana nayo, pakuti satifiketi yophulitsira miyala inali yoletsedwa kwa munthu wakuda kufikira lamulo linasintha mu 1987.

Ku garaja zinayamba kusintha itatha komishoni ya Wiehahn mu 1979, pamene mabungwe a anchito acikuda anabvomerezedwa. Lamulo la maphunziro a nchito la 1981 linatsegula khomo la kuphunzira umisiri kwa anthu a mitundu yonse. Bungwe la NUMSA linakhazikitsidwa mu 1987. Malipiro otsikitsa a anchito a m'magaraja, m'masitoro a magalimoto ndi pothira petulo akambidwa pa bwalo lochedwa MIBCO, pamene akumana olemba nchito ndi mabungwe a anchito. Mu September 2013 anchito a mbali imeneyi anacita sitalaka masabata angapo pofuna malipiro okwera.

Cifukwa cace ine sindinena kuti kukwera konse kwa mtengo wa ora nkoipa. Mbali yace ina ndi ndarama imene inayenera kulipidwa kale lomwe. Ife amene tikondwa malipiro athu akakwera sitingakwiye kuti a mnzathu akwera. Makaniko weni-weni aphunzira zaka zingapo ali pa malipiro ocepa, nakalemba mayeso a umisiri monga aja a ku Olifantsfontein, ndipo akakhoza amfuna m'magaraja ambiri, m'migodi momwe, ndi kunja kwa dziko. Garaja yofuna kumsunga iyenera kumlipira.

GALIMOTO YASANDUKA

Cinthu cina cimene cakweza ora ndi galimoto mwini wace. Kale petulo anali kulowa m'injini podzera m'kabureta, imene makaniko anali kuikonza ndi sikuludiraiva akumvetsera kulira kwa injini. Lero petulo ayezedwa ndi kompyuta. Mabuleki, giyabokosi, magetsi, maloko ndi matumba a mpweya oteteza pa ngozi, zonse ziri ndi timakompyuta tace tolankhulana. Kuyambira 1996 magalimoto onse atsopano ogulitsidwa ku America analamulidwa kukhala ndi kabowo kolumikizirapo makina oyezera matenda a injini, ndipo macitidwe amenewo anafalikira m'maiko ena. Makina ochipa awerenga zina mwa zimenezi, koma zakuya za mtundu uli wonse zifuna makina a fakitale yace. Pa magalimoto ena, ngakhale mutasintha batire kapena kiyi, muyenera kudziwitsa kompyuta.

Pansi pa boneti padzazanso. Kale munthu anali kuona nthaka akayang'ana pambali pa injini. Lero dzanja lokha silipita. Pali magalimoto ena akuru amene pa nchito zina ayenera kunyamula thupi lonse kulicotsa pa cimango cace. Magalimoto oyendera magetsi, amene ayamba kuoneka m'misewu, ali ndi mabatire a mavoti 400, ena 800, okhoza kupha munthu, ndipo ogwirapo afuna maphunziro ena ndi zobvala zina.

Kunena zoona pali ubwino wace. Galimoto yakale inali kufuna oilo watsopano ndi girisi kawiri-kawiri, Beetle pa makilomita 5,000 ali onse. Magalimoto ambiri a lero apita ku sevisi pa makilomita 15,000 kapena kamodzi pa caka. Maulendo a ku garaja acepa, koma ulendo uli wonse walemera. Mwini woyamba, amene ali ndi pangano lakuti fakitale idzamkonzera ulere, lija alicha waranti, samva kulemera kumeneku. Amva ndi mwini waciwiri kapena wacitatu, amene agula pangano litatha ndipo zinthu zayamba kutopa. Mwini wacitatuyo nthawi zambiri ndi mmodzi wa ife.

NDARAMA NAYO IPEPUKA

Poyerekeza mitengo ya kale ndi ya lero tisaiwale kuti ndarama yokha yasintha. Rand inayamba pa 14 February 1961, ndipo R2 inali paundi imodzi. Munthu akakuuzani kuti atate ace anakonzetsa galimoto ndi R10, mfunseni kuti atatewo anali kulandira zingati pa mwezi.

Tione zaka zapafupi. Malipiro otsikitsa a dziko lonse anayamba pa 1 January 2019 ali R20 pa ora. Mu March 2022 anafika R23.19, mu March 2024 R27.58, ndipo mu March 2025 R28.79. Ndiko kuti pa zaka zisanu ndi cimodzi, pamene panali R100 panafika pafupi-fupi R144. Wotsuka magalimoto ndi mlonda akakwezedwa malipiro, ora la garaja litsatira pambuyo.

Boma nalo litengapo. Msonkho wa VAT unayamba mu 1991 uli R10 pa R100 iri yonse, unafika R14 mu 1993, ndi R15 pa 1 April 2018. Msonkhowu ugwa pa masipeya ndi pa nchito pomwe. Cotero ora la R1,200 lija kweni-kweni ndi R1,380.

Tsopano tiwerengere monga kalaliki. Munthu wolandira R28.79 pa ora ayenera kugwira maora pafupi-fupi 48 kuti alipire ora limodzi limenelo, pamene sabata la nchito mwa lamulo liri ndi maora 45. Sabata lathunthu silikwana ora limodzi! Pepala lonse la R8,970 ndi masabata pafupi-fupi asanu ndi awiri a munthu ameneyo. Inu a pa mgodi mulandira koposa apo, koma tengani pepala la malipiro anu, muone zimene mulandira pa shifiti imodzi, ndipo mugawe nokha. Ciwerengero cimene mupeze ndico mtengo weni-weni wa ora la garaja: mashifiti angati pansi pa nthaka.

MTUNDU WOSOWA NDIWO UDULA

Mwina mufunsa kuti, bwanji ora la galimoto ya dzina lidula koposa la galimoto wamba, pamene onse agwira sipanala? Yankho lace ndi kugawa. Tiyerekeze kuti garaja yagula makina a R300,000. Ikaona magalimoto 3,000, iri yonse isenza R100. Ikaona 300 okha, iri yonse isenza R1,000. Garaja ya mtundu wosowa iri ndi makasitomala ocepa, makina odula, amakaniko osowa, ndi nyumba imene fakitale ilamula kuti ikhale yokongola monga mwa dzina lace. Opikisana nayo pafupi palibe. Comweco ndi njinga zamoto zazikuru, magalimoto othamanga kwambiri, ndi magalimoto a m'chire a mtengo wapatali.

Ena ati, koma magalimoto ena a dzina apangidwa konkuno. Inde, BMW iri ndi fakitale ku Rosslyn pafupi ndi Pretoria kuyambira 1973, ndipo Mercedes-Benz iri ku East London. Koma fakitale iri yonse ipanga mitundu yocepa yokha, ndipo masipeya ambiri acokera kunja. Kupangidwa pafupi sikucepetsa maora a m'buku.

Cinthu cimene cinyenga anthu ndi ici: mtengo wogulira galimoto ya dzina utsika msanga ikakalamba, koma mtengo wa ora lace sutsika. Garaja siwerengera kuti munaigula mochipa. Galimoto ya zaka khumi ndi ziwiri ilipira ora lomwelo limene ilipira yatsopano ya bwana. Akuru anati cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

ZIMENE LAMULO LIKUPATSANI

Musaganize kuti muli opanda pogwira. Lamulo loteteza ogula la 2008, limene linayamba kugwira nchito mu 2011, linena zinthu zitatu zimene mwini galimoto ali yense ayenera kusunga pamtima.

Coyamba, garaja iyenera kukuuzani mtengo isanayambe nchito, ndipo inu mubvomereze. Singapitirire mtengo umenewo popanda kukufunsaninso. Ngati afuna kulipiritsa kuyeza kokha, akuuzeni asanayeze.

Caciwiri, cipangizo catsopano kapena cokonzedwanso cimene aika m'galimoto yanu, pamodzi ndi nchito yociikira, ciri ndi citsimikizo ca miyezi itatu.

Cacitatu, zipangizo zakale zimene acotsa nzanu, ndipo ayenera kukubwezerani, kupatula ngati mwakana nokha kapena ngati nchitoyo yalipidwa ndi waranti kapena inshuwalansi. Pemphani kuziona. Ndiyo mboni yakuti nchito inacitika.

Ndiponso kuyambira pa 1 July 2021 pali malangizo a Competition Commission akuti mwini galimoto yatsopano akhoza kupita nayo ku sevisi ku garaja ina yosakhala ya ogulitsa, ndi kuika masipeya a makampani ena, waranti yonse osafa. Cokhaco, cimene caonongeka cifukwa ca nchito yoipa kapena sipeya yoipa ya garaja inayo fakitale sidzalipira. Malangizo omwewo ati mtengo wa pangano la masevisi ulembedwe padera ndi mtengo wa galimoto, kuti wogula asankhe, ndi kuti mafakitale alole magaraja ena kupeza nzeru zokonzera magalimoto ao. Mukakangana ndi garaja nimulephera kumvana, pali ofesi ya Motor Industry Ombudsman of South Africa imene imva madandaulo a eni magalimoto osalipiritsa.

CIMENE TINACITA

Pepala la mkuru uja linali lonena mtengo cabe, nchito inali isanayambe. Ndinamuuza kuti, “Bambo, anthu awa sanakubereni, koma simuli omangidwa kwa iwo. Waranti ya galimoto yanu inatha kale. Tiyeni tifunse kwina.”

Loweruka tinayenda malo awiri. Poyamba tinafika kwa makaniko wa pa bwalo la kuseri kwa nyumba, amene anati acita ndi R1,500. Ndi munthu waluso, ndipo pa mabuleki kapena kusintha oilo ndikadapita kwa iye osakaika. Koma analibe cokwezera galimoto, analibe makina oyezera, ndipo lisiti salemba. Kutsitsa giyabokosi yolemera yoyendetsedwa ndi kompyuta pamwamba pa njerwa si cinthu coyesera.

Kenaka tinafika ku garaja ina yolembetsedwa, ya munthu amene anagwira nchito zaka zambiri kwa ogulitsa a mtundu womwewo asanatsegule yace. Kunalibe magalasi, kunalibe khofi. Maora anawerengera 6 omwewo, popeza buku ndi limodzi, koma ora lace linali R650. Nchito R3,900, kamphira R600, msonkho R675, zonse R5,175, ndi lisiti lolembedwa bwino. Mkuruyo anapulumutsa R3,795. Ya sukulu ya mwana inapita yonse. Malata adikira miyezi ina iwiri.

Pobwerera anakhala cete nthawi yaitali, kenaka anati, “Mwana wanga, kamphira aka nkoyamba cabe. Nanga ikadzadwala kumudzi?”

Funso limenelo ndilo lalikuru. Mukaoloka nayo Beitbridge, Nyamapanda ndi mlatho wa ku Tete kufikira ku Mwanza, mwasiya magaraja ambiri kumbuyo. Kwathu odziwa magalimoto otere apezeka m'mizinda yaikuru monga Blantyre ndi Lilongwe, ndipo galimoto yakufa iyenera kukokedwa kufikira kumeneko. Masipeya aitanitsidwa kunja ndi ndarama zakunja, pamene Kwacha ya Malawi inatsitsidwa mphamvu ndi 25 pa 100 mu May 2022 ndi 44 pa 100 mu November 2023. Tonse taona magalimoto okongola atakhala pa njerwa kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikira mazira pa mipando ya cikopa. Eni ace sanali opusa. Anawerengera mtengo wogulira, koma palibe anawauza za mtengo wa ora.

MUSANAGULE

Sindiletsa munthu kugula cimene mtima wace ufuna. Thukuta ndi lanu. Koma safunsa anadya phula. Musanapereke ndarama, pitani ku garaja ya mtundu umenewo mufunse kuti ora limodzi ndi zingati pamodzi ndi msonkho. Funsani maora a m'buku a nchito zimene zidza pa galimoto yokalamba: kilachi, lamba kapena cheni ca injini, pampu ya madzi, ndi timphira totseka oilo. Funsani ngati pafupi ndi kwanu pali munthu wodziwa mtunduwo ndi wokhala ndi makina ace. Pemphani buku la masevisi muone ngati mwini woyamba anali kuisamala. Mukatero sandutsani zonse zikhale mashifiti, ndipo muuze amai a kunyumba ciwerengero cimeneco musanasaine, pakuti malata ndi fizi zicokera m'thumba lomwelo.

Ndipo inu amene muli ndi ana okonda kumasula zinthu, musawaletse. Khomo limene linatsekeredwa agogo athu lero nlotseguka. Koma mwanayo atsirize sukulu, pakuti makaniko wa lero awerenga kompyuta asanagwire sipanala, ndipo wokhala ndi satifiketi ndiye amene ali ndi mau pa mtengo wa manja ace.

Mkuru uja wanena kuti galimoto aigulitsa isanadwalenso, nagula bakki wamba imene makaniko ali yense wa pa msika aidziwa, yokhoza kunyamula matumba a cimanga. Ati kutsika m'galimoto ya mabwana nkwa tsiku limodzi, koma kukhala kumudzi nkwa masiku onse. Sanaigulitsebe, dzulo ndinamuona akuipukuta.

Amene muli ndi mapepala a ku garaja obvuta kumva, bwerani nao ku ofesi shifiti ikatha, kapena lemberani ku tsamba lino. Tidzawerenga pamodzi. Tsalani bwino kufikira sabata lamawa.

Ine wanu,
Kalaliki wa pa Mgodi